Chaka Chimene Analetsa Azamba

Amene anandilera si amayi ondibereka. Amayi anga atakwatiwanso n'kupita ku Mangochi, anandisiya ndili wamng'ono m'manja mwa akulu awo, m'mudzi wina kuseri kwa Ulongwe. Mudziwo uli kutsidya kwa kamtsinje kamene m'chilimwe kamakhala mchenga wokhawokha, koma m'dzinja kamakokolola ngakhale ng'ombe. Ine ndinkawaitana kuti amayi aakulu. Anthu ena onse ankangoti azamba.

Analibe mwana wawowawo. Anaberekapo awiri akadali mtsikana, onse sanakhalitse, ndipo bambo wa anawo anachoka osabwereranso. Koma mukanaimika ana a m'mudzi mwathu pamzere, ambiri mwa iwo munthu woyamba kuwagwira anali iwowo. Kuseri kwa nyumba yathu kunali kanyumba kaudzu kozira bwino, kamene ine sindinkaloledwa kulowamo. Munali mphasa, beseni, ndi bokosi lachitsulo limene boma linawapatsa litawaphunzitsa ku Liwonde. Bokosilo ankalipukuta ngati mwana.

"Boma limandidziwa ine," ankatero akamaliyanika padzuwa.

Ndinali kusekondale, ndili pa tchuthi, pamene uthenga unafika. Anabwera nawo ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, mnyamata wamtali wofatsa, amenenso anabadwira m'kanyumba komweko. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, nakhala pansi ngakhale tinamupatsa mpando.

"Ali uli, amao?" anawalonjera m'Chiyao. Atayankhana, anayamba kujambula pansi ndi kamtengo.

"Amayi, ndatumidwa."

"Wotumidwa alibe mlandu. Lankhula, mwanangu."

"Boma lati azamba asiye kubereketsa. Mayi aliyense azikachilira kuchipatala. Wochilira pakhomo, mafumu azimulipitsa mbuzi."

Amayi aakulu anasiya kusenda chinangwa chimene chinali m'manja mwawo.

"Boma lake liti? Lomwe lija linandipatsa bokosi?"

"Lomwelo, amayi."

"Nanga anafunsa ndani? Kuno sikunabwere munthu."

"Zachokera kumtunda," anatero mnyamatayo, osawayang'ana kumaso.

Sanamukalipire. Anamuthyolera mango m'kathumba, namuuza kuti akawapatse moni mayi ake.

Kumjigo nkhani inali yomweyo kwa masiku ambiri, ndipo amayi a m'mudzi sankagwirizana chimodzi. Ambiri anakwiya. Ankati chipatala chili kutali, ulendo wa theka la tsiku kwa munthu wamimba, ndipo ukafikako ugona pati, udya chiyani, ana otsala kunyumba awayang'anira ndani? Koma panali mayi wina, wogulitsa zitumbuwa, amene mng'ono wake anamwalira pobereka m'kanyumba kathu komwe kaja. Iyeyu anatula ndowa yake n'kunena poyera kuti lamuloli lachita kuchedwa. Atatero, ena anangowerama, chifukwa maliro aja onse anawalira.

Madzulo a tsiku limenelo ndinawauza amayi aakulu zimene mayiyo ananena. Ndinkayembekeza kuti akwiya. Iwo anapitiriza kusankha nyemba m'lichero.

"Sakunama," anatero. "Mtsikana uja ndimamulota mpaka lero. Magazi aja ndinalibe chowaletsera. Kuchipatala ali ndi jakisoni, ine ndili ndi manja basi."

"Ndiye lamuloli ndi labwino?"

"Lili ndi mutu, koma lilibe miyendo. Amene analikonza sanawolokepo mtsinje wathu mvula ili pakati."

Anamvera. Kanyumba kaja kanasanduka mosungira makasu ndi madeya. Patapita nthawi tinamva pa wailesi kuti lamulo lafewetsedwa, kenako tinamvanso kuti iyayi, likadalipo. Palibe ankadziwa chenicheni, ndipo amayi aakulu anati sangamasewere ndi miyoyo ya anthu chifukwa cha mphekesera. M'malo mwake anadzipezera ntchito ina imene palibe anawatuma. Mayi aliyense mwezi wake ukakwana, iwo ankamanga kamtolo kawo, n'kumuperekeza kuchipatala. Ankakhala naye komweko mpaka achire.

Chipatalacho chinali chaching'ono, ndipo malo odikirira kunalibe. Amayi oyembekezera ankagona pakhonde, n'kumaphika pansi pa mtengo wa mthethe. Mvula ikabwera ankathawira m'kanjira ka pakati pa zipinda, miphika ili m'manja. Namwino anali mmodzi yekha, mayi wamfupi wochokera kumpoto, wolankhula Chichewa chokoka pang'ono. Poyamba sankawafuna amayi aakulu. Akawaona pakhomo la chipinda choberekera ankati, "Azamba panja." Iwo ankatuluka n'kukakhala pakhonde.

Koma amayi a kwathu ululu ukakula amaiwala Chichewa, amalira m'Chiyao chokhachokha. Tsiku lina namwinoyo anatulukira pakhomo, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, talowani. Mundiuze zimene akunena mtsikanayu."

Kuyambira tsiku limenelo sanawatulutsenso. Mmodzi ankagwira ntchito, wina ankagwira dzanja la wodwala n'kumatanthauzira. Pambuyo pake ankamwa tiyi limodzi pakhonde, n'kumasekana Chichewa chawo.

Ine ndinamaliza sukulu, ndinaphunzira uphunzitsi, n'kuyamba ntchito pa pulayimale ina ku Balaka. Ndinakwatiwa ndi makaniko wa m'tauni momwemo. M'kalasi mwanga munkabwera phunziro la ulamuliro wa demokalase, ndipo ndinkalikonda. Ndinkalemba pabolodi kuti phungu ndi munthu amene timamutuma kukatilankhulira, ndipo boma limachita zofuna za anthu. Ana ankabwereza mokweza mpaka mawindo kunjenjemera. Ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Nditapita kumudzi nyengo ya kampeni, ndine ndinawalimbikitsa amayi aakulu.

"Musamangodandaulira pakhonde. Mukanene pamsonkhano. Anthuwa amafuna mavoti anu."

"Ine? Pamaso pa amuna onse aja?"

"Theka la amunawo munawasambitsa ndinu."

Anaseka mpaka kutsokomola. Koma tsiku la msonkhano anavala mpango wawo woyera wa pa chikondwerero cha Idi, tinapita limodzi kubwalo la mpira. Wofuna mpando wa phungu anali bambo wachinyamata, waulemu ndithu. Atamaliza kulankhula anafunsa ngati pali wina ali ndi mawu. Amayi aakulu anaimirira.

"Ine sindinapite kusukulu," anayamba. "Boma linati amayi azikachilira kuchipatala, ife tinamvera. Koma tikupempha zinthu ziwiri. Mlatho pa mtsinje uja, ndi nyumba yoti amayi azidikiriramo kuchipatala. Mwatiuza kopita, tipatseni podutsa ndi pogona."

Amayi analulutira bwalo lonse. Bamboyo anatsika pa nsanja, nagwada pamaso pawo, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Amayi, ndamva," anatero.

Anapambana. Chaka chotsatira kunabweradi ndalama zachitukuko, zokwanira ntchito imodzi yokha. Akukhonsolo anaitanitsa msonkhano woti anthu asankhe okha chimene akufuna. Koma msonkhanowo unachitikira pa sitolo za kumsewu, m'mawa, m'nyengo yopalira. Uthenga unafika kutsidya kwathu madzulo, zonse zitatha. Amene analipo, ambiri anali abambo ochita malonda, ndipo anasankha shedi ya msika. Shediyo inamangidwa, ilipo mpaka lero, ndipo kunena zoona imathandiza. Tomato sapsanso ndi dzuwa.

Phungu uja atabwera pa maliro ena m'mudzi mwathu, amayi aakulu anamudikirira panjira yochokera kumanda.

"Mwanangu, unati wamva."

"Ndinamvadi, amayi. Koma anthu ndi amene anasankha. Ndinafunsa poyera, anakweza manja, tinawerenga."

"Manja athu anali pa khasu," anatero iwo.

Sindikhulupirira kuti bamboyo ankanama. Anafunsadi anthu, ndipo anachita zimene anthuwo ananena. Kungoti anthu amene anawapeza ndi amene anali pafupi ndi msewu.

Patapita zaka ziwiri ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Ku Balaka chipatala chachikulu chinali pafupi ndi nyumba yathu, ndipo kusikelo anandiuza kuti kwatsala mwezi wathunthu. Ndiye kumudzi kutakhala sadaka yokumbukira malemu malume anga, ndinaumirira kupita. Mwamuna wanga anakana, ine ndinati ndikagona kumeneko kamodzi kokha. Popita tinawoloka madzi a m'mawondo. Tsiku lomwelo kumapiri kunagwa chimvula.

M'mawa mwake msana unayamba kundiwawa. Ndinabisa pang'ono, koma amayi aakulu anangondiyang'ana momwe ndinkayendera, n'kusiya tsache.

"Matenda ayamba. Tenga chikwama chako."

Anandikweza panjinga, abambo awiri akukankha, amayi angapo amene anabwera ku sadaka akutsatira pambuyo. Phokoso la mtsinje tinalimva tisanauone. Titafika tinapeza madzi ofiira adzaza mpaka m'minda ya m'mbali, akukokolola nthochi ndi zitsa. Tsidya linalo anthu anaima chilili, nafenso tsidya lino. Abambo anati tidikire, mwina pofika masana atsika.

Mwana sanadikire. Anandigoneka pansi pa mtengo wa mango, amayi aja n'kuima mozungulira atatambasula zitenje zawo ngati mpanda. Pakati pawo panali mayi wa zitumbuwa uja. Amayi aakulu anagwada, nasamba m'manja ndi sopo wa m'chikwama changa. Panali patapita zaka zambiri chilandirireni mwana komaliza.

"Amayi, ndikuopa," ndinatero.

"Inenso," anayankha. "Tiopere limodzi. Bisimila. Tiye, kankha."

Za ululu sindikumbukira zambiri. Ndimakumbukira masamba a mango akudontha madzi kumaso kwanga, ndi mawu awo akundiitana ndi dzina la paubwana limene anali atasiya kalekale. Kenako kulira kwa mwana, kakang'ono ngati ka mphaka. Anali wamkazi. Anadula mchombo ndi lezala latsopano la m'chikwama, limene kusikelo anandiuza kuti ndiziyenda nalo, namuika pachifuwa panga. Amayi aja anayamba kululutira, koma amayi aakulu anawaletsa ndi dzanja. Ankayang'ana pansi. Chitenje chimene ndinagonera chinali chitanyowa, anachotsa n'kuika china, nachonso chinanyowa. Anandisisita pamimba mwamphamvu, naika mwana kubere. Magazi sanasiye.

Anaimirira n'kutuluka mumpanda wa zitenje muja. Ndinawamva akulankhula ndi abambo, mawu awo atasintha.

"Madzi atsike asatsike, tikuwoloka. Uyu sindimutaya."

Wina anathamangira kunyumba yapafupi n'kuzula chitseko. Anandigoneka pamenepo, nandimanga ndi zitenje, abambo asanu ndi mmodzi n'kundisenza pamutu. A tsidya lija anaponya chingwe cha ng'ombe, n'kuchimanga kumtengo. Madzi ankawafika m'zifuwa. Mwana anamuika m'beseni, bambo wamtali kuposa onse n'kulisenza. Amayi aakulu sadziwa kusambira. Anawauza kuti atsale, iwo anangogwira malaya a bambo wa beseniyo ndi dzanja limodzi, chingwe ndi dzanja lina, n'kulowa m'madzi. Mayi wa zitumbuwa ndiye anawagwira m'chiuno kumbuyo.

Kutsidyako kunali mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto. Anandikhazika pakati, mayi wina kumbuyo atandikumbatira kuti ndisagwe. Zimene ndinaona pomaliza ndi namwino wamfupi uja akuthamanga kuchokera pakhonde, nsapato imodzi itavuka.

Ndinatsitsimuka dzuwa litapendeka, diripi ili kudzanja. Namwino anali atandibaya jakisoni, magazi n'kusiya. Amayi aakulu anakhala pansi pasimenti pafupi ndi bedi, matope mpaka m'chiuno, mwana ali m'manja. Namwino atalowa, iwo anayesa kuimirira.

"Anamwino, ndaphwanya lamulo. Mwanayu wabadwira panjira, m'manja mwanga."

Namwino anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa yunifolomu yake, n'kuwapatsa.

"Mwandibweretsera anthu awiri amoyo. Pitani mukasambe, ndakuikirani madzi ofunda kuseri."

Amayi aakulu atatuluka, namwinoyo anandiuza motsitsa mawu kuti tikanachedwa pang'ono sakanatha kuchita kanthu. Anatinso pakanapanda amayi aakulu, mwanayo akanabadwira m'matope popanda womulandira. Mwamuna wanga anafika madzulo kuchokera ku Balaka, mafuta a galimoto akadali m'manja. Sanandikalipire. Anagwada pamaso pa amayi aakulu.

Za mbuzi ya chindapusa ija palibe anatchula. Amayi aakulu anaikoka okha kupita nayo kwa amfumu, ndipo inabwerera tsiku lomwelo, mdzukulu wa amfumu akuikoka.

Nkhani ya chitseko ija inamveka m'midzi yonse ya kutsidya. Mvula itatha, amayi anayamba kuumba njerwa m'mbali mwa chipatala, popanda wowatuma. Amene ankatsogolera anali mayi wa zitumbuwa uja, chifukwa ndiye anali ndi pakamwa. Amene ankakonda lamulo lija ndi amene ankadana nalo anaponda dothi limodzi. Namwino analonjeza kuti akangomva za msonkhano wina wa chitukuko, atumiza uthenga msanga. Anaterodi. Tsikulo amayi anasiya makasu, anabereka ana kumbuyo, nafika pa sitolo za kumsewu akukhonsolo asanafike. Anakhala kutsogolo, pamalo pamene pamakhala abambo. Inenso ndinapempha tchuthi kusukulu, ndinakhala nawo, mwana wanga ali pamiyendo.

Nthawi yokweza manja itafika, ena anakweza awiri. Mkulu wa kukhonsolo anaseka n'kunena kuti limodzi likwanira.

Za mlatho anatiuza kuti n'zodula, si zakhonsolo, n'zakulikulu. Koma nyumba yodikirira inavomerezedwa. Inatenga nthawi kuti ithe. Phungu woyamba uja anagwa pachisankho chotsatira makoma ali pawindo, amene anabwera pambuyo pake ndiye anadula riboni, ndipo aliyense wa awiriwo amati anamanga ndi iye. Amayi a kwathu sakangana nawo. Amadziwa amene anaponda dothi. Nyumbayo amaitcha chidikiro. Ili ndi mabedi ndi mawindo agalasi, koma omanga anaiwala khitchini, ndiye amayi anamanga okha chisakasa kumbali.

Mlatho kulibe mpaka lero. Kampeni iliyonse umalonjezedwa. Chaka china kunabwera anthu ovala zipewa zolimba, anayeza, anakhoma zikhomo, n'kupita. Amayi tsopano amawoloka mwezi usanakwane, mitambo ikangoyamba kuda, n'kukadikirira kuchidikiro.

Phunziro lija ndimaphunzitsabe. Mawu a pabolodi sindinawasinthe, chifukwa pamayeso amafunsa omwewo. Koma ana akamaliza kubwereza, ndimawafunsa kuti kwawo msonkhano umachitikira kuti, nthawi yanji, ndipo amene sapezekapo amakhala ali kuti. Poyamba amangondiyang'ana. Kenako wina amati amayi ake amakhala ali kumunda, wina amati agogo ake sangayende mpaka kumsewu, wina amati abambo ake ali ku Joni. Belu limalira tisanamalize.

Namwino uja anapuma pantchito, anabwerera kwawo kumpoto. Amatumiza moni pafoni ya mlangizi wa zaumoyo, ndipo amayi aakulu amayankha mokuwa, ngati kuti mawu awo ayenera kuyenda okha mtunda wonsewo. Iwonso akalamba. Maso achita chifunga, ndipo sangayendenso ulendo wonse wapansi. Ndinawapempha kuti adzakhale nafe ku Balaka. Anabwera, anakhala pang'ono, n'kunena kuti kulira kwa sitima kukuwasokoneza pa mapemphero awo a swala. Anabwerera.

Mwezi wathawu ndinapita kukawaona ndi mwana wanga, amene tsopano ali ku pulayimale. Pakhomo sitinawapeze. Oyandikana nawo anati anakwera kabaza dzana, aperekeza mtsikana wina wa mimba yoyamba amene mayi ake anamwalira. Tinawatsatira kuchidikiro. Tinawapeza m'chisakasa chija, atakhala pamphasa, akusenda nandolo ndi mtsikanayo. Anali wamng'ono kwambiri, maso ali mwazimwazi, ndipo dzanja lake limodzi linagwira nsonga ya chitenje chawo.

Mwana wanga anawathamangira. Anamupapasa kumaso ndi m'mapewa, n'kunena kuti watalika ngati bango. Ine ndinayamba kuwadandaulira kuti pa msinkhu wawo sayenera kugona pasimenti, kuti pali anamwino awiri tsopano, kuti apume.

"Ndamva," anatero. "Uyu akachira ndipuma." Anatembenukira kwa mtsikanayo n'kumuuza china m'Chiyao, mtsikanayo n'kuseka koyamba chifikireni ife. Kenako anandiloza ndi khoko la nandolo.

"Iwe, m'malo moima pamenepo ngati mlendo, pita kumsika ukagule mchere ndi anyezi. Mwanayu sanadye kuyambira dzulo."

Ndinatenga dengu n'kupita.